Mkono wa cherry picker, uufufuze mmene unapangidwira

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndiye abwana akuti ukaone ma cherry picker awiri ogulitsa, magalimoto aja okweza munthu m'mwamba mu baketi, ku Germiston pafupi ndi Joni, eti? Chabwino. Injini uisiye kaye, injini aliyense amaidziwa. Iwe ukayambire pa mkono woyera uja, wa fiberglass, ulusi wa galasi womatidwa ndi resin, guluu wouma n'kulimba, chifukwa munthu akakhala mu baketi pafupi ndi waya wa magetsi wa 11 kV, mavoti 11,000, chomulekanitsa ndi nthaka ndi mkono umenewo basi.

Choyamba uwafunse kuti mkonowo anaupanga bwanji. Njira zake zilipo zingapo. Pali ija amati filament winding. Amatenga chitsulo chachitali, mandrel, n'kumachizunguza, ndiye ulusi wa galasi umadutsa mu resin n'kumakulungidwa pamenepo, ngati ulusi pa bobini ya telala. Makina ndi amene amaukoka, ndiye umalimba mofanana kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, komanso makinawo amasintha kapendekedwe ka ulusi, wina motalika, wina mozungulira. Ukauma amasolola chitsulo chija, umatsala mkono wa mphako. Ine ndimakonda imeneyi. Galasi imachuluka, resin wopitirira amafinyika, ndipo ulusi suduka ayi, ndi umodzi wautali.

Ina ndi ya pamanja, hand lay-up. Munthu amayala nsalu ya galasi mu chikombole, kupaka resin, kudinda ndi rola, kuyalanso ina. Iyayi, dikira, sindikuti ndi yoipa. Mabaketi ambiri amapangidwa choncho ndipo amagwira ntchito. Koma ubwino wake umadalira dzanja la munthuyo tsiku limenelo. Akatopa, kapena akathamangira kuweruka, mkati mumatsala timatumba ta mpweya. Timatumba timeneti ndiye nkhani yonse, ndibwereranso pamenepa.

Kenako pultrusion, ulusi amaukoka kudutsa mu chikombole chotentha, umatuluka utauma kale, wofanana paliponse. Makwerero a fiberglass aja timagula, mbali zake ndi zimenezo. Ulusi wambiri umagona motalika, ndiye kupinda n'kovuta, koma ukapotokoledwa supirira ngati wokulungidwa uja. Ndipo mkono umapotokoka, munthu akamakoka waya ali chammbali. Palinso vacuum infusion, amayala nsalu youma, kuphimba ndi pulasitiki, pampu n'kuyamwa mpweya wonse, resin n'kulowa yekha. Mpweya umatsala wochepa kwambiri kuposa ya pamanja.

Galasi yake ndi E-glass, siyendetsa magetsi. Wina akakuuza kuti analimbitsa ndi carbon fiber, nyamuka uzipita. Carbon amayendetsa magetsi.

Tsopano mpweya uja. Mvetsera bwino apa. Fiberglass payokha siyendetsa magetsi, koma madzi ndi dothi zimayendetsa. Kathumba ka mpweya kapena kamng'alu kakakhalapo, chinyezi chimalowa n'kukhala momwemo. Magetsi amayamba kuyenda pang'onopang'ono, kuwotcha kanjira kakuda, ndipo kanjirako ndi makala, ndiye kamayendetsanso magetsi koposa. Kwathu ku shopu zinatichitikira. Mkono kunja wowala, wopaka wax bwinobwino, koma pa mayeso a magetsi unalephera. Tinadabwa. Kuunika mkati ndi tochi, tinapeza fumbi losakanikirana ndi mafuta a hydraulic, lonyowa, chifukwa galimotoyo inatsukidwa ndi makina opopera madzi mwamphamvu aja dzulo lake. Fumbi la kuno ukulidziwa, la m'milu ya migodi, mphepo ya Ogasiti ikayamba limalowa paliponse. Ndiye mkati, mphwanga, mkati! Kunja aliyense wogulitsa amapukuta. Ndikuti chotsa zivundikiro, unika mpaka kumapeto. Ukaona malo otuwa ngati ouma, pamenepo resin sanalowe bwino. Ukaona kanjira kakuda, basi, zatha, usataye nthawi.

Aaa, ndinaiwala. Tenga kandalama kachitsulo, R5 yomweyo, uzigogoda mkono pang'onopang'ono. Pabwino pamalira mowongoka. Pomwe zigawo zalekana pamalira mogonthera, phu phu. Ugogode kwambiri m'makona ndi pomwe fiberglass ikulowa mu chitsulo, komanso pomwe mkono umatsamira galimoto ikamayenda, pamenepo pamakhuzika. Uthirepo timadzi pang'ono. Tikapanga timadontho n'kugwa, gelcoat, chikuto chosalala chakunja chija, ali bwino. Madzi akamwazika n'kumata, ndiye kuti dzuwa lamudya. Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, dzuwa la kuno silichita masewera ndi gelcoat.

Kunali mnyamata wina, sinditchula dzina, tinamuuza kuti mkono sauboola. Iye anatenga drill n'kuboola kuti amangirire kokolowekera zida. Tinakangana naye, amati kabowo kakang'ono kalakwa chiyani. Nyengo ya mvula madzi analowera pomwepo, mkono wonse anachita kuuchotsa. Yemweyonso anasintha hosi yophulika n'kuikapo yakuda ya waya mkati. Mu mkono mumayenera hosi zosayendetsa magetsi, kawirikawiri zimakhala za olenji ndipo amalembapo. Ukaone zimenezonso, eti. Hosi imodzi ya waya, fiberglass yonse ija ilibenso ntchito.

Tinali pati? Eya, mapepala. Pa galimoto pamakhala kachitsulo kolembedwa. Ambiri ochokera ku America, a Altec, Terex, Versalift, amatsatira malamulo a kapangidwe otchedwa ANSI A92.2, ena IEC 61057. Ukaona Category C, ndiye kuti ndi ya 46 kV kutsika m'munsi. Pa mawaya a 11 kV a makampani a magetsi, City Power ndi Eskom, ikwana, koma usaganize zoyandikira nayo 88 kV. Mayeso a magetsi amachitika chaka ndi chaka, ndiponso akakonza chilichonse pa mkono. Ndiye ngati pali chigamba, ufunse anamata ndani, ndipo anayezanso pambuyo pake kapena ayi. Chigamba nthawi zambiri chimakhala cha pamanja, ngakhale mkonowo unali wokulungidwa ndi makina. Wamva pamenepo? Mkono wabwino, chigamba cha mpweya.

Baketi payokha usaiwerengere, ikufunika liner ya pulasitiki mkati, nayonso ili ndi mayeso ake.

Pepala la mayeso ulijambule unditumizire pa WhatsApp usanavomere mtengo, tsiku lake liwoneke bwino. Ndidule kaye, galimoto ina yalowa pageti.