Mawu Atatu, Mitundu 16: Mmene Commodore 64 Imaimbira ndi Kujambula

[Nyimbo ikulira. Pa sikirini mizere yamitundumitundu ikukwera ndi kutsika kuseri kwa zilembo zoyenda.]

Tatcherani khutu ku nyimboyi. Pansi pali besi, ng'oma ikugunda, pamwamba pali mawu otsogolera, ndipo pakati pali china chonjenjemera ngati kiyibodi. Mukawerenga zida mupeza zinayi kapena zisanu. Komatu makina amene akuimbawa satha kutulutsa mawu oposa atatu pa nthawi imodzi.

Takulandirani nonse. Makinawa ndi Commodore 64, kompyuta ya pakhomo imene inayamba kugulitsidwa mu 1982. Memori yake ndi makilobaiti 64, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi cha pafoni yanu sichingakwanemo. Kampani imene inkaipanga inagwa mu 1994, koma mpaka lero kuli anthu ku Sweden, Germany, Finland, Netherlands, Poland ndi maiko ena amene amapeka nyimbo ndi kujambula zithunzi zatsopano pa makina omwewa. Zimene amapangazo amazitcha mademo.

Demo si gemu, ndipo si vidiyo. Ndi pulogalamu imene imapanga zithunzi ndi nyimbo pompo, inu mukuonera. Chiyambi chake sichinali choyera. M'zaka za m'ma 1980 achinyamata ankathyola chitetezo cha magemu ogulitsa kuti azikopera anzawo, ndipo kutsogolo kwa gemuyo ankaikako kachizindikiro ka gulu lawo, kanyimbo, ndi mzere wa zilembo zoyenda wopereka moni kwa anzawo. Madisiki ankayenda pa positi kuchoka dziko lina kupita lina. Posakhalitsa ambiri anaona kuti kachizindikiro kaja kakuwasangalatsa kuposa gemu yobedwayo, ndipo anayamba kupanga iko kokha. Magulu monga Triad ndi Fairlight a ku Sweden anachokera m'nthawi imeneyo.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Pafupifupi luso lonse la pa makinawa ndi luso logawa nthawi.

[Pa sikirini: TV yachikale, chithunzi chikujambulidwa pang'onopang'ono mzere ndi mzere.]

TV zachikale zamsana waukulu zija sizionetsa chithunzi chonse kamodzi. Kadontho kowala kamathamanga kuchoka kumanzere kupita kumanja, kenaka kamatsika mzere wina, mpaka kufika pansi, n'kubwereranso pamwamba. Ku Ulaya izi zimachitika ka 50 pa sekondi. Pa Commodore 64 ya kumeneko chithunzi chimodzi chili ndi mizere 312, ndipo pa mzere uliwonse purosesa, imene ndi ubongo wa kompyutayi, imagunda ka 63 basi (kugunda kumodzi ndi kasitepe kamodzi ka ntchito yake). Mukachulukitsa, mupeza kugunda 19,656. Ndiyo thumba lonse limenelo. Nyimbo, zilembo zoyenda, mitundu, zonse zidye m'menemo, chithunzi china chisanayambe.

Tiyambe ndi nyimbo. Chip yoimba, kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwa kompyutayi kamene kamatulutsa mawu, imatchedwa SID, ndipo anaikonza ndi Bob Yannes, amene pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyambitsa kampani ya makiyibodi ya Ensoniq. Munthuyu ankadziwa zida zoimbira, n'chifukwa chake SID ili ngati synthesizer yeniyeni yaing'ono, chida choimbira chimene chimapanga mawu ake ndi magetsi. Lililonse la mawu atatu aja lingathe kulira mwa mitundu inayi: kofewa ngati chitoliro, kokanda, kwamphamvu ngati kotuluka m'mphuno, kapena phokoso la shiii ngati wailesi yosowa siteshoni. Palinso sefa imene imachotsa kuthwa kwa mawu kapena kulemera kwake.

Nanga mawu atatu angakwanire bwanji gulu lonse? Oimba kiyibodi kutchalitchi amadziwa kuti chord imodzi imafuna manoti atatu olira pamodzi. Mukachita zimenezo pa SID, mwamaliza chip yonse, besi ndi ng'oma zilibe pokhala. Ndiye opeka nyimbo amatenga liwu limodzi lokha n'kumalisinthasintha: noti yoyamba pa chithunzi ichi, yachiwiri pa chotsatira, yachitatu, n'kubwereza, ka 50 pa sekondi. Zili ngati mwana akamazunguza chikuni chamoto usiku: moto ndi umodzi, koma diso limaona mkombero wathunthu. Khutu nalonso limalumikiza manoti aja kukhala chord. Kunjenjemera kuja munakumva poyamba ndi kumeneku, ndipo kumatchedwa arpeggio.

[Nyimbo iyime. Imveke arpeggio yokha, poyamba mochedwa, kenaka pa liwiro lake.]

Ng'oma nazo n'zongopeka. Phokoso la shiii kwa kamphindi ka chithunzi chimodzi, kenaka noti imene ikugwa msangamsanga kupita pansi, khutu limva "du". Ndipo ng'omayo kawirikawiri ilibe liwu lakelake. Imabwereka la besi: besi imakhala chete kwa kanthawi kosaoneka, ng'oma igunde, besi ibwererenso. Mukamvetsera nyimbo za Rob Hubbard kapena Jeroen Tel, opeka nyimbo otchuka a pa makinawa, mosamala, mudzapeza kuti besi ndi ng'oma zikupatsana mpata chonchi, ndipo kupatsana kumeneko n'kumene kumapangitsa nyimbo kudumpha. Kwa ine apa m'pamene pali ukatswiri weniweni. Wopeka nyimbo ayenera kudziwa chimene khutu lingakhululukire chikasowa, ndi chimene silingalole.

Pali chinanso chimene anachipeza mwa chilema cha chip. Pa SID yoyamba, ya nambala 6581, ukasintha kukweza kwa mawu pamamveka kakuti "tsk". Anthu ena anaona kuti ukasintha kambirimbiri pa sekondi, timaphokoso timeneti timasanduka mawu ojambulidwa, ngakhale liwu la munthu. Linakhala ngati liwu lachinayi. SID yatsopano ya 8580 inakonza chilemacho, ndipo mawu ojambulidwa mwa njira yakaleyo anayamba kumveka motsika kwambiri. Sefa ya 6581 nayo inkasiyana chip ndi chip. N'chifukwa chake mpaka pano wopeka nyimbo amalemba kuti nyimbo yake ndi ya 6581 kapena ya 8580.

Polemba nyimbozi sagwiritsa ntchito mizere isanu ya m'mabuku a kwaya. Amalemba m'mizati itatu ya manoti ndi manambala, yoyenda chotsika. Chris Hülsbeck wa ku Germany anatulutsa pulogalamu yotere, Soundmonitor, mu 1986 kudzera m'magazini ya 64'er, ndipo chaka chotsatira Karsten Obarski anapanga Ultimate Soundtracker pa Amiga, kompyuta ina ya kampani ya Commodore, ndipo m'pamene panachokera dzina loti tracker, limene mapulogalamu otere amadziwika nalo.

Tibwere ku zithunzi, kumene malamulo ake ndi ouma kwambiri. Chip yojambula, VIC-II, ili ndi mitundu 16 yokha, yosasinthika. Pa njira imene ojambula ambiri amakonda, chithunzi chimakhala ndi timadontho 160 m'mbali ndi 200 chotsika, ndipo chimagawidwa m'timabokosi ta timadontho 4 m'mbali ndi 8 chotsika. M'kabokosi kalikonse mumaloledwa mitundu inayi, kuphatikizapo umodzi wakumbuyo umene ndi wa chithunzi chonse. Tangoganizani kujambula nkhope pamene diso, khungu ndi tsitsi zakumana m'kabokosi kamodzi. Wojambula amasuntha diso pang'ono kuti ligwere m'kabokosi kena. Akafuna mtundu umene kulibe, amasakaniza timadontho ta mitundu iwiri motsatizana kuti patali tioneke ngati mtundu wachitatu. Amaika kadontho kamodzikamodzi ndi dzanja, ndipo chithunzi chabwino chimadya masabata.

[Pa sikirini: chithunzi cha nkhope chikukulitsidwa mpaka timabokosi tioneke.]

Apa wolemba pulogalamu amabwera kudzathandiza, ndipo chida chake ndi nthawi yomwe ija. Popeza kadontho kowala kamajambula mzere umodzi pa nthawi, chip ingathe kuuza purosesa kuti "ndafika pa mzere wakuti". Purosesa isinthe mtundu pomwepo, pa mzere wotsatira isinthenso. Mizere yokwera ndi kutsika ija inabadwa choncho.

Chimodzimodzinso masprite, tizithunzi toyenda patokha pamwamba pa chithunzi. Makinawa ali nato 8 tokha. Koma sprite ikajambulidwa kumtunda, ntchito yake yatha pa chithunzi chimenecho. Isunthireni kumunsi kadontho kowala kasanafikeko, ijambulidwanso. Woonera awerenga makumi angapo.

Chimene chimandikondweretsa koposa ndi cha m'mphepete. Kuzungulira chithunzi kuli malire a mtundu umodzi amene opanga makina sanafune kuti mujambulidwe kanthu. Chip imayang'ana mzere winawake kuti iyambe kutseka pansi, ndipo mzerewo umadalira ngati sikirini yaikidwa pa mizere 25 ya zilembo kapena 24. Mukasintha kuchoka pa 25 kupita pa 24 pa nthawi yoyenera, chip imapeza kuti mzere wotsekera wadutsa kale, ndipo siitseka. Malire amatseguka, masprite n'kuyendamo. Kutsegula a kumanzere ndi kumanja n'kovuta kwambiri, chifukwa muyenera kulasa pa kugunda kwenikweniko, pa mzere uliwonse, osaphonya ngakhale kumodzi.

Zonsezi zimadya m'thumba limodzi lija, choncho woimba, wojambula ndi wolemba pulogalamu amakhala pa malonda nthawi zonse. Njira yoyezera ndi yosavuta: wolemba pulogalamu amasintha mtundu wa m'mphepete nyimbo ikamayamba kuwerengedwa, n'kuubwezera ikatha. Pamaoneka kachigamba, ndipo kutalika kwake ndiko nthawi imene nyimbo yadya. Kakatalika, amabwerera kwa woimba: "Achimwene, chepetsaniko, malire a m'mbali sakutseguka."

Ntchito ikatha amapita nayo ku misonkhano ya mpikisano, monga X ku Netherlands, umene ndi wa Commodore 64, kapena Revision ku Saarbrücken, Germany, umene umachitika pa Pasaka. Demo imaonetsedwa pa chinsalu chachikulu ndipo opezekapo ndiwo amavota. Anthu amawomba m'manja pakati pa demo akaona chinthu chimene akudziwa kuti makinawo samayenera kuchita. Mu 2020 dziko la Finland linalemba mwambo umenewu pa mndandanda wa chikhalidwe chake choyenera kusungidwa, ndipo Germany inatsatira mu 2021.

Ngati mukufuna kuyesa, simufunika makina enieniwo. Pulogalamu yaulere ya VICE imasandutsa laputopu wamba kukhala Commodore 64. GoatTracker ndi yopekera nyimbo za SID, Multipaint ndi yojambulira motsata malamulo a timabokosi tija, ndipo High Voltage SID Collection yasunga nyimbo zoposa 50,000 zoti mumvere. Mafayilo ake ndi aang'ono zedi, sangakutherereni bandulo. Mu vidiyo yotsatira titsegula GoatTracker n'kupanga besi ndi ng'oma pa liwu limodzi, kuyambira pa mzere wopanda kanthu.