Mankhwala obisidwa m'thumba la usipa

Moni nonse amene mukumva, kaya muli ku Mayfair, ku Durban, ku Cape Town, kaya muli konkuno mukumvera pa foni ya mwana wanu. Salaam aleikum. Lero sindikulankhula m'kachipinda kanga ka ku Johannesburg kaja. Ndili kwathu ku Mangochi, pakhonde pa amayi, ndipo mukamva nkhuku kapena belu la kabaza musadabwe. Ndatsika basi Lachiwiri, nditadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, miyendo itatupa. Nditangoona madzi a Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, mtima unakhala pansi.

Nkhani ya lero ndaisunga miyezi yambiri. Ndi ya msuweni wanga, mwana wa azakhali. Wandilola kuti ndiinene, koma dzina lake ayi, ndipo inu amene mwamuzindikira kale, chonde sungani pakamwa.

Tinagona chipinda chimodzi zaka zitatu ine osadziwa kuti amamwa ma ARV. Pakapita miyezi ingapo kumabwera katundu wochokera kumudzi: ufa woyera, usipa wouma, nthawi zina nandolo. Thumba la usipa ankalimasula yekha, ine ndikapita kuntchito. Pakati pa usipawo panali mabotolo okulungidwa m'kansalu. Azakhali ankatenga kabuku kake ka kuchipatala, n'kukanena kuti mwana ali kunyanja ku Makanjira, abwera mwezi wamawa, n'kulandira mankhwala. Kenako ankapereka kwa anyamata onyamula katundu wa ku Joni aja, n'kulipira. Ambiri amene mukumva njira imeneyi mukuidziwa, ena ndi imene ikukusungani ndi moyo lero lino. Sindikuweruza munthu.

Chaka chatha galimoto yonyamula katunduyo inagwidwa pamalire. Sabata imodzi, ziwiri, mpaka zisanu. Msuweni anayamba kudumphitsa, lero kumwa mawa ayi, kuti mapiritsi atalike. Kenako anatha. Katundu atafika anayambiranso, koma thupi linali litatsegula kale chitseko. Anayamba kutsokomola. Ankati ndi chimfine cha mu June, poti kuzizira kwa ku Johannesburg mukukudziwa. Koma chimfine chanji chonyowetsa bulangete ndi thukuta usiku kukuzizira chotero? Buluku linayamba kugwa m'chiuno. Usiku wina ndinamufunsa maso ndi maso kuti, asuweni, mukundibisira chiyani? Analira, n'kutulutsa botolo pansi pa matiresi.

Ndinati mawa tipite ku kiliniki. Anakana. Masiku 30 amene amatidindira pa Beitbridge anali atatha kalekale, ndipo nthawi imeneyo, mu 2025, pa WhatsApp pankayenda makanema a magulu a anthu ataima pazipata za zipatala, akufunsa chitupa, akubweza amayi apakati ndi ana kumsana. Iye ankaona Lindela, malo osungirako alendo opanda zitupa asanawabweze kwawo, m'maso mwake. Anati bola ndifere m'nyumba kusiyana ndi kundikweza galimoto ya apolisi ndikutsokomola.

Ndinamukoka patapita masiku anayi, 5 koloko m'mawa. Tsiku limenelo pachipata panalibe munthu. Namwino amene tinamupeza, mayi wachikulire, sanafunse pasipoti. Anafunsa mafunso atatu: mankhwala mumatenga kuti, kalata yokusamutsani ili kuti, ndipo magazi anakuyezani liti kuti aone kuchuluka kwa kachilombo? Msuweni analibe yankho. Zaka zinayi akumwa mapiritsi popanda womuyeza.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa zimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'zimene zandichititsa kujambula pulogalamu ino. Anamutenga makhololo n'kuwayeza pa makina otchedwa GeneXpert, ndipo anapezeka ndi chifuwa chachikulu, TB. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa. Koma namwinoyo anatifotokozera kuti m'mankhwala a TB muli amodzi otchedwa rifampicin, amene amachititsa kuti thupi litaye msanga dolutegravir, mankhwala aakulu a m'piritsi limodzi la tsiku ndi tsiku lija, limene ambiri amalitchula kuti TLD. Choncho wodwala TB amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir, lomwa patapita maola 12. Tsono ndiuzeni abale, thumba la usipa likanadziwa bwanji zimenezi? Azakhali akanapitiriza kutumiza botolo lomwe lija ndi mtima wawo wonse wachikondi, mwana wawo n'kumamwa mokhulupirika, mankhwala osakwanira m'magazi. Kachilombo kakapeza mpata wotero kamaphunzira kuzemba mankhwala. Piritsi limayenda pa basi, koma namwino sakwera nawo.

Tsopano za malamulo, chifukwa mantha athu ambiri amakula ndi kusadziwa. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silikunena kuti nzika zokha. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Gauteng linagamula kuti amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa kwaulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti. Mu November 2025 khoti la ku Johannesburg linagamulanso kuti munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mnzake pasipoti. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka. Chigamulo sichichotsa munthu pachipata tsiku lomwelo, ndikudziwa. Koma muzidziwa kuti wolakwa si inu amene mwabwera ndi mwana wotentha thupi.

Eni dziko nawo ndimawamva. Pamzere tsiku lija panali agogo ena amene anafika 4 koloko, akudwala shuga, ndipo pofika masana anali asanaonedwe. Munthu wotero akatembenuka n'kumva Chiyao ndi Chishona kumbuyo kwake, akauzidwa kuti vuto ndi ife, n'zosavuta kukhulupirira. Mukukumbukira mu 2022 pamene Phophi Ramathuba, amene ankayang'anira zaumoyo ku Limpopo, anakalipira wodwala wa ku Zimbabwe ali pabedi, kuti akuwononga chuma cha zipatala zawo. Ambiri anamuombera m'manja. Ine funso langa ndi limodzi. Msuweni wanga, asanayambe mankhwala, ankakwera tekisi m'mawa uliwonse, anthu 15, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, akutsokomola. Amene anakhala pafupi naye anali a dziko liti? TB imayenda ndi mpweya. Ukabweza wodwala pachipata, wamubwezera m'tekisi mmene mwakwera mwana wako.

N'chifukwa chake ndimatsatira kwambiri nkhani ya NHI, lamulo la thumba limodzi la zaumoyo limene Pulezidenti Ramaphosa anasayina pa 15 May 2024, ndipo mpaka pano akukokana nalo m'makhoti. Lamulolo limati wopanda zitupa azingothandizidwa pa zadzidzidzi ndi pa matenda amene boma limalamula kuti azilengezedwa akapezeka. TB ili m'gulu limenelo, HIV mulibe. Ndiye kuti munthu ngati msuweni angamuchize chifuwa, koma chimene chinabweretsa chifuwacho n'kuchisiya. Adzabweranso ali pa machira, ndipo pamenepo ndalama zake zidzaposa za mapiritsi aja. Kwa ine n'zosamveka, ndipo ndikukhulupirira kuti adzakonza.

Dzulo madzulo ndimakamba zimenezi ndi malume, amene anagwirapo ntchito m'migodi kudzera ku Theba. Anangogwedeza mutu n'kuti, mphwanga, zimenezi si zatsopano. Mu 1988 a ku South Africa anafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo asanapite kumigodi, boma la Kamuzu linakana, ndipo amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi m'zaka zotsatira. Malume anali mmodzi wa iwo, asanayezedwe n'komwe. Anati mlendo amayamba kuonedwa ngati manja ogwira ntchito, ndipo akangotsokomola amasanduka matenda.

Koma tisamangoloza chala kutsidya la Limpopo. Kuno kwathu nako kuli funso. Malawi ali ndi zonyadira: mu 2011 ndi ife tinayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa amayi onse apakati opezeka ndi kachilombo, mayiko ena n'kutengera kwa ife, ndipo mu April 2019 katemera wa malungo anayambira kuno. Anthu okhazikika pa mankhwala amalandira a miyezi isanu ndi umodzi kamodzi. Komabe mapiritsi amenewa ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba la mayiko lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, ndipo antchito ambiri otsatira odwala ankalipidwa ndi PEPFAR, ndondomeko ya boma la America yolimbana ndi Edzi, imene inayamba mu 2003. Trump ataimitsa thandizo lakunja mu January 2025, azakhali sanagone. Anandiimbira usiku kufunsa ngati mankhwala atha m'dziko. South Africa imagula yokha ma ARV ake ambiri, ndipo inalira ngakhale kuti PEPFAR inkangopereka pafupifupi 17 peresenti ya ndalama zolimbana ndi HIV kumeneko. Nanga ife? Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Aphungu athu a Mangochi akabwera kudzapempha voti, tiziwafunsa za lonjezo limeneli, osati za zitenje zokha. Ndipo maboma awiriwa angalephere bwanji kugwirizana kuti wodwala wa ku Namwera akasamukira ku Germiston, mbiri ya matenda ake imutsatire? Ndalama timatumiza pa foni n'kufika mphindi yomweyo.

Ena mwandilembera kufunsa za jakisoni watsopano, lenacapavir, ngati ndi wochiza. Ayi, abale. Umene ukukambidwawu ndi woteteza munthu amene alibe kachilombo, wobayidwa kawiri pa chaka. Pa kafukufuku wa atsikana ndi amayi achichepere oposa 5,000 ku South Africa ndi ku Uganda, zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti mwa amene anabayidwa panalibe ngakhale mmodzi amene anatenga kachilombo. Ku America mtengo wake umaposa madola 28,000 pa chaka, koma pali mgwirizano woti opanga ena adzaugulitse madola 40 kuyambira mu 2027. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za akazi a kuno amene amuna awo ali ku Joni zaka zitatu, amabwera pa Eid n'kubwereranso. Mkazi wotero sangafunse mwamuna kuti tikayezetse osayambitsa mlandu wofika kwa ankhoswe. Jakisoni wa kawiri pa chaka angamuteteze mwakachetechete. Akamasankha oyamba kulandira, ndikupempha kuti asaiwale maboma ngati Mangochi, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni.

Msuweni anamaliza mankhwala a TB. Wanenepa, wabwerera kuntchito, ndipo atamuyeza komaliza kachilombo sikanaoneke m'magazi, kutanthauza kuti sangapatsire mkazi wake. Tsopano amalandirira komweko, pa kiliniki yomwe ija. Mawa m'mawa ndikuperekeza azakhali kuchipatala kuti akanene zoona, kuti mwana sali ku Makanjira, ndipo dzina lake alisamutse mwadongosolo. Akuchita mantha kuti akawakalipira, ndiye ndawauza kuti ndikalankhula ndine. Usipa wokha ndiwo ndinyamule pobwerera.

Azana ayamba kumzikiti, ndilekere pomwepa. Amene muli ndi mafunso okhudza kalata yosamutsira, nditumizireni mawu pa WhatsApp, ndikawafunse anamwino mawa lomwelo. Tsalani bwino.