Ku Lourdes, yang'anani nthawi musanayang'ane menyu

Moni nonse amene mukukonzekera ulendo wa ku Lourdes ku France, abambo, amayi ndi achinyamata. Mvetserani bwino uthengawu, muusunge pafoni, chifukwa chimene chimasokoneza alendo ambiri kumeneko ndi nthawi ya chakudya. Njira sizivuta, tauniyo ndi yaing'ono.

Tiyambe ndi mmene malowo alili. Lourdes ali ndi mbali ziwiri. Kumunsi, m'mbali mwa mtsinje wa Gave de Pau, ndiye kuli malo oyera, phanga la Massabielle kumene Bernadette Soubirous anaona Amayi Maria ka 18 m'chaka cha 1858. Mahotela ndi mashopu a makolona adzaza komweko. Kumtunda ndi kumene kumakhala eni tauni, kuli msika, siteshoni ya sitima ndi malo odyera otsika mtengo. Kuyenda wapansi ndi mphindi 15 kapena 20, koma ndi chitunda, ndiye valani nsapato zafulati. Zazidendene zija zisiyeni m'chikwama.

Tsopano za chakudya. Malesitilanti a ku France amaphika chamasana kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko, kenako khitchini amatseka mpaka cha m'ma 7 koloko madzulo. Mukatuluka mu misa n'kuyamba kujambulitsa zithunzi, n'kufika hafu pasiti 2, mupeza mipando ilipo koma wophika wapita. Pafupi ndi malo oyera alipo ena ophika tsiku lonse, koma mtengo wake ndi wa alendo. Zikakuchitikirani, lowani mu boulangerie, ndiye kuti bekale, mugule sangweji.

Masana funsani plat du jour, chakudya cha tsikulo chimene amalemba ndi choko pabolodi panja, kapena formule, mbale ziwiri kapena zitatu pamtengo umodzi. Zimatsika mtengo kusiyana ndi kusankha chimodzichimodzi. Mukalowa nenani kaye "Bonjour", musangokhala pampando, dikirani akulozereni tebulo. Madzi akumwa nenani "une carafe d'eau", amenewo ndi a pampopi, aulere, buledinso ndi waulere. Mukangoti madzi basi, akubweretserani a m'botolo ndipo muwalipira. Bilu sabweretsa okha, amaona ngati akukuthamangitsani. Muitanitse, "l'addition". Ndalama ya woperekera zakudya ili kale m'bilumo.

Nsima musaiyembekezere, aliyense adziwiretu. Chokhutitsa cha kuderali ndi garbure, supu wolimba wa kabichi, mbatata ya kachewere, nyemba zoyera ndi nyama ya nkhumba kapena ya bakha. Mbale imodzi munthu umamva kuti wadya. Amene sadya nkhumba afunse kaye, chifukwa nthawi zambiri fupa lake limakhalamo ngakhale silikuoneka. Kulinso confit de canard, ntchafu ya bakha yophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe, ndi nsomba ya trout ya m'mitsinje ya m'mapiri a Pyrénées. Nyama ya ng'ombe ndiye samalani. Mukangokhala chete ibwera yofiira mkati, magazi akuchucha. Nenani "bien cuit", apo ayi muingoyang'ana. Mukati "un café" akupatsani kakapu kakang'ono ka khofi wowawa wopanda mkaka, wamkaka ndi café crème.

Madzulo khalani patebulo 7 koloko yeniyeni. Chifukwa chake n'chakuti mdipiti wa makandulo umayamba 9 koloko usiku uliwonse kuyambira April mpaka October, ndipo chakudya cha Afalansa sichithamanga, chimatha ola limodzi ndi theka. Mukayamba 8 koloko, chimodzi chikuphonyani. Kandulo gulani masana, yokhala ndi kachipepala kotchinga mphepo, ndipo muigwire mowongoka, ikapendekeka pepala limayaka. Amene miyendo ikuvuta akwere pa makwalala okhota aja a kutsogolo kwa Basilika ya Rosary, aone nyali zonse kuchokera pamwamba. Mdipiti wa Ukaristia umachitika 5 koloko madzulo, kawirikawiri umathera m'tchalitchi cha pansi panthaka cha Pius X, chimene chinatsegulidwa mu 1958, cholowa anthu pafupifupi 25,000.

Kuphanga pitani 6 koloko m'mawa kapena mdipiti ukatha. Masana mzere umatalika. Pamenepo sipocheza, foni ikhale chete, chikwama chikhale kutsogolo chifukwa opisa m'matumba nawonso amabwera ku malo oyera.

M'mawa umodzi upatseni kumtunda. Yambani ndi Moulin de Boly, chigayo chimene Bernadette anabadwiramo mu 1844, kenako Le Cachot, kachipinda kamodzi ka ndende yakale mmene banja lonse linkagona. Mukatero kwerani ku château fort, linga lakale la pathanthwe, pali chikepe, mkati muli nyumba yosungiramo zinthu zakale za anthu a m'mapiriwa. Mumalize ndi msika wa Les Halles isanakwane 12 koloko, mugule tchizi cha mkaka wa nkhosa, zipatso ndi chidutswa cha gâteau à la broche, keke yowotcha pamtengo wozungulira pamoto. Phiri la Pic du Jer, lokwera ndi kasitima kokokedwa ndi chingwe ka m'chaka cha 1900, pitaniko pokhapokha kumwamba kukayera. Kukachita mitambo muwononga ndalama kukaona nkhungu. Juzi tengani ngakhale kumunsi kukutentha.

Chomaliza ndi madzi a kuphanga. Ndi aulere, mumatunga nokha pamipopi, chogula ndi chigubu chokha. Musaike m'chikwama cham'manja, kubwalo la ndege angakulandeni chifukwa cha lamulo la mamililita 100. Aikeni m'chikwama chachikulu, ndipo kumbukirani kuti malita 5 ndi makilo 5 pa kulemera kumene tikiti yanu ikulola. Tengani mabotolo ang'onoang'ono angapo, musadzaze mpaka pakamwa, chitsekerero chimateni ndi tepi, botolo lililonse m'jumbo yakeyake, kenako mukulunge m'chitenje pakati pa zovala.