Makalata a Omvera: Turner ndi "Malo Opanda Mwini"

Takulandirani omvera. Kalata yomwe yandigwira mtima sabata ino ndi ya aphunzitsi a mbiri ku Dedza. Akuti: "Ana akaonera mafilimu a ku America amandifunsa ngati azungu anapeza dziko lopanda anthu. Maganizo amenewa anachokera kuti?"

Aphunzitsi, gwirani dzina ili: Frederick Jackson Turner, katswiri wa mbiri yakale wa ku America, wobadwira ku Portage, Wisconsin, mu 1861. Pa 12 July 1893 ku Chicago anawerengera akatswiri anzake pepala lotchedwa The Significance of the Frontier in American History. Anatsamira pa kalembera wa 1890. Akalembera ankalemba mzere pamapu: tsidya lokhala ndi anthu osakwana awiri pa sikweya mailosi imodzi ankaliyesa thengo. Pa kalembera wa 1890 uja, akalemberawo anati mzerewo sukuonekanso. Turner anati kusendera kwa mzerewo kumadzulo, mlenje patsogolo, woweta ng'ombe pambuyo, kenako mlimi, ndiko kunaumba munthu wa ku America wodzidalira ndi wokonda demokalase.

Apa ndi pomwe pakhota nyani mchira. Malo omwe ankawatcha aulere anali ndi eni ake, mitundu ya anthu omwe azungu anawapeza kumeneko monga a Lakota, a Cheyenne, a Apache, ndipo chiwerengero chojambulira mzere uja sichinkawawerengera iwo. Lamulo la Homestead la 1862 linkapereka maekala 160 kwa wokhalapo ndi kulima zaka zisanu, koma kumadera ouma maekala amenewo sankadyetsa banja, ambiri anathawapo. Mu December 1890 womwewo asilikali a boma la America anapha a Lakota oposa 150 pamalo otchedwa Wounded Knee. Auzeni anawo zimenezi, zisabisike. Katswiri wina wa mbiri, Patricia Limerick, mu 1987 anachitchula ndi dzina lake: kulanda dziko.

Inu atatu mwalemba kuti ndiye Turner timutaye, ayi abale anga. Chizolowezi chotsutsa munthu musanamuwerenge chakula m'makalata anu. Pepalalo ndi lalifupi, madzulo amodzi mwalimaliza. Werengani, kenako mutsutseni ndi umboni.

Amayi a ku Mzuzu mukufunsa ngati Turner anali mphunzitsi: inde, anaphunzitsa ku yunivesite ya Wisconsin mpaka 1910, kenako ku ya Harvard mpaka 1924.

Achimwene a ku Chipata mukufunsa ngati ankayenda ndi mfuti pahatchi. Ha! Zida zake zinali mapu ndi timakadi tolembapo, mabokosi odzaza.

Womvera wa ku Zomba mukufunsa za mphoto ya Turner: mphoto ya olemba yotchedwa Pulitzer inabwera mu 1933, mwini wake atamwalira kale mu 1932.