Dzina Lanu Liziyenda ndi Nyimbo: Mawu kwa Ojambula Nyimbo a ku Mchinji

Zikomo amfumu, zikomo makolo, ndi inu achinyamata mwaunjikana kumbuyoko. Sunthirani kuno pafupi, zimene ndikambezi n'zanu.

Chatisonkhanitsa lero nonse mukuchidziwa. Mnyamata wathu wa ku Kamwendo uja anatha masabata awiri akupanga biti, zing'wenyeng'wenye za nyimbo zopanda mawu a woimba, mpaka usiku, kudikirira kuti magetsi ayake. Woimba wina anamupempha kuti amutumizire akaimvere kunyumba, ndalama apereka Loweruka. Iye anatumiza biti yonse pa WhatsApp, yoyera, yopanda chizindikiro chilichonse. Loweruka linadutsa. Patatha mwezi nyimbo ija inayamba kulira m'minibasi za ku Lilongwe. Mawu anakajambulira kwina, ndipo dzina lotchulidwa koyambirira kwa nyimbo ndi la munthu wina. Mnyamatayo alibe pepala, alibe mboni. Laputopu imene anapangira bitiyo anamugulira ndi mayi ake atagulitsa mtedza wa chaka chonse.

Ndiye mundimve bwino, ndipo ndibwerezabwereza: nyimbo isatuluke m'situdiyo dzina lanu lisanalowemo, ndiponso ndalama isanakwane.

Ambiri mumaganiza kuti kudzitsatsa ndi kulemba pa Facebook kuti ndinu akatswiri. Ayi. Wojambula nyimbo amatsatsidwa ndi nyimbo imene wajambula. Woimba amakwera pa nsanja, anthu amamuona nkhope, amamufupa. Inu simuoneka. Nyimbo ikamachoka pa foni kupita pa foni, ikamalowa m'mamemore khadi kwa anyamata a pamsika aja, inu simupita nayo. Chimene chingapite nayo ndi dzina lanu lokha, ngati munaliikamo.

Tiyambe ndi chimene inu mumati tagi, mawu aafupi aja otchula dzina la situdiyo. Akhale masekondi awiri kapena atatu basi. Ajambuleni kamodzi, bwinobwino, m'chipinda muli zii, ndipo muziwaika koyambirira kwa nyimbo, woimba asanalowe. Osawaika pamwamba pa mawu a woimba, chifukwa a wailesi amangodula kapena kuitaya nyimbo yonse. Ndiye pali khalidwe lina limene ndikufuna ndikudzudzuleni, ana anga. Mwezi uno muli ndi dzina ili, mwezi wamawa mwasintha chifukwa mwamva lina lokoma. Pa Facebook dzina lina, pa TikTok lina, pa chikwangwani cha situdiyo linanso. Nanga munthu wa ku Mkanda amene wamva nyimbo yanu akufunani bwanji? Mayi wogulitsa zitumbuwa sasintha malo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake mumawapeza ngakhale kuli mdima. Dzina limodzi, nambala ya foni imodzi. Nambalayo osaisintha chifukwa mwakangana ndi chibwenzi.

Tsopano zotumiza. Woimba akati ndikaimvere kunyumba, si kulakwa, akufunikadi kuiphunzira. Koma mum'patse yolawa. Dulani mphindi imodzi yokha, itulutseni ngati MP3 ya 128 kbps, fayilo yopepuka yosamveka bwino kwambiri, ndipo tagi yanu izibwera masekondi 20 alionse mpaka kumapeto. Imeneyo atha kuyeserera nayo, koma sangakajambulirepo kwina. Fayilo yeniyeni, ya WAV, ndi MP3 ya 320 kbps, zimatuluka ndalama ikakwana. WAV ndi yolemera, mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, ndiye nyimbo ya mphindi zitatu ndi 30 MB. MP3 ya 320 ya nyimbo yomweyo ndi cha m'ma 7 MB. Muziwauza makasitomala zimenezi asanagule bandulo, kuti asakuoneni ngati mukuwavutitsa.

Dzina la fayilo nalonso ndi chikwangwani. Tatsegulani foni zanu muone nyimbo zingati zalembedwa AUD, kenako manambala, kenako WA0007. Nyimbo yotereyi ndi mwana wamasiye, palibe akudziwa mwini wake. Lembani dzina la woimba, mutu wa nyimbo, kenako Prod. by, kutanthauza wopanga nyimboyo, ndi dzina lanu. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, dzinalo silifufutika.

Za ndalama. Theka patsogolo, musanayatse kompyuta. Tiyerekeze mwagwirizana K60,000, alipire K30,000 lero, yotsalayo tsiku lotenga. Ndi bwino alipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chifukwa uthenga umene umabwera uja ndi mboni, uli ndi tsiku ndi nthawi. Gulani kope, longa la kusukulu lomweli. Lembanimo tsiku, dzina la woimba, mutu wa nyimbo, mtengo, zimene wapereka, zotsala, ndiponso kuti kukonza kwaulere ndi kawiri kokha. Mukapanda kulemba zimenezi mudzakonza nyimbo imodzi kakhumi, lero akuti gitala wachepa, mawa akuti mlamu wawo sanaikonde. Musainire nonse awiri, ndi mboni imodzi. Kasitomalayo akhale msuweni wanu, akhale mkulu wa mpingo, kope lituluke. Nyimbo isatuluke dzina lanu lisanalowemo ndiponso ndalama isanakwane.

(Mayi wina wa kwaya akuimirira: "Pepani abambo. Ife tikasonkha ndalama n'kulipira yonse, nyimboyo si yathu? Nanga mwanayo aikiranji dzina lake m'nyimbo ya Mulungu?")

Zikomo mayi, khalani pansi, funso limeneli ndi lofunika kwambiri ndipo ndiliyankha mofatsa. Nyimbo imodzi imakhala ndi eni angapo. Pali amene anapeka mawu. Pali amene anapeka maimbidwe ake. Pali amene anaimba. Ndiye pali chojambulidwacho, chimene timamva pa wailesi. Ngati kwaya yanu inabwera ndi mawu ake ndi maimbidwe ake, zimenezo n'zanu, mwanayu sangazilande. Ndalama imene munalipira ndi ya ntchito yake yojambula. Koma ngati iye ndi amene anapanga zing'wenyeng'wenye zonse, kiyibodi, besi, ng'oma, waikamo luso lake, ndipo muyenera kukambirana poyera kuti akugulitsani zonse kapena akhala ndi gawo. Zonse ziwiri n'zotheka. Cholakwika ndi kusakamba, n'kudzayamba kukangana nyimbo itatchuka.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza luso, Copyright Act ya 2016, ndipo lili ndi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli limatolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo, monga nyumba zoulutsira mawu, n'kugawira eni ake. Koma lingagawire bwanji munthu amene silikumudziwa? Polembetsa nyimbo mumatchula amene anachita chiyani. Pepala lanu la m'kope lija ndi limene lidzakukumbutseni zimene munagwirizana. Mnyamata wa ku Kamwendo uja lamulo likumuteteza, chifukwa luso limakhala lako kuyambira tsiku limene walipanga, koma umboni ndi umene wamuchepera. Chimene chingamuthandize ndi pulojekiti imene ili m'laputopu mwake, mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, yokhala ndi zigawo zonse za biti. Wakuba ali ndi fayilo imodzi yokha yosakaniza kale. N'chifukwa chake mapulojekiti osawafufuta, ndipo osawapereka kwa munthu.

Za tagi m'nyimbo ya Mulungu, mayi mukunena zoona, ndipo ana inu mumve. Nyimbo ya maliro kapena ya Mgonero simungaiyambe ndi kukuwa dzina la situdiyo. Pamenepo tagi ichoke. Koma dzina lilembedwe pa fayilo, pa chithunzi cha chimbale, pansi pa vidiyo, ndipo tsiku lokhazikitsa chimbale mwambo usathe mwanayo asanatchulidwe pa chimkuzamawu. Amayi a Chigwirizano akatchula dzina lanu pamaso pa makwaya khumi, mwatsatsa kuposa mwezi wathunthu wa pa intaneti. Ndakuyankhani mayi? Zikomo.

Pamenepa mpamene pali makasitomala anu enieni. Mumalota oimba otchuka a m'tauni, pamene makwaya ali pakhomo panu, a CCAP, a Katolika, a mipingo ina yonse, ndipo amalipira chifukwa amasonkherana. Pali akwati ofuna nyimbo yotchula maina awo, pali eni magolosale ofuna kanyimbo kotsatsira malonda. Ndalama kuno imabwera anthu akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, ndiye yendani m'mipingo mu Malichi ndi Epulo kukalembetsa anthu, osadikira Januwale pamene aliyense akusaka chimanga. Ndipo Chipata ali pafupi kudutsa pa Mwami, chiyankhulo n'chimodzi, nyimbo yathu amaimva.

Koma makolo sangatumize mwana wawo wamkazi ku situdiyo yonunkha mowa, m'mene mwadzaza anyamata asanu ndi atatu opanda chochita. Sesani, anzanu akacheze panja, mtsikana akabwera abwere ndi mnzake. Mwapangana 8 koloko, 8 koloko akupezeni. Kasitomala mmodzi wokhumudwa amauza mudzi wonse.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumsewu, a kabaza akudikira. Ndithamange.

Musanapereke nyimbo imvereni pa sipika ya foni ndi pa kawailesi kakang'ono, chifukwa anthu athu amamvera pamenepo. Besi yozama kwambiri pa foni imasowa, mawu a woimba akabisika kwezani. Mita yoonetsa kukwera kwa mawu isafike pofiira, siyani pa -1 dB, apo ayi imang'aluka. Khomani mabulangete m'makoma, ndipo mvula ikamagwa pa malata osajambula mawu. Sankhani nyimbo zanu zitatu zabwino koposa, osati makumi awiri, zikhale pa foni nthawi zonse. Tsegulani WhatsApp Business, lembanimo mitengo ndi malo, anthu amaopa kufunsa mtengo. Kawiri pa sabata ikani kavidiyo ka masekondi 30 kosonyeza mukugwira ntchito, koma mupemphe kaye chilolezo kwa woimbayo. Osaponya nyimbo m'magulu a maliro. Nyimbo yomalizidwa ipite pa Audiomack kapena YouTube dzina lanu lili m'munsi. Ku wailesi, yambani ndi yathu ya Mudzi Wathu, pitani nokha ndi fayilo yeniyeni ya tagi imodzi, yolembedwa bwino. Sungani mapulojekiti pawiri, pa kompyuta ndi pa hadi dilaivi ina, ndipo muzidina Ctrl ndi S pafupipafupi kuti ntchito isungike, chifukwa magetsi sachenjeza.

Ndipo yoyera ija isatuluke ndalama isanakwane. Amene muli ndi makope bwerani kutsogolo kuno ndikuonetseni kalembedwe ka pangano lija, enanu amfumu ali ndi mawu awiri musanabalalike.