Mthiko wa mayi anga ndi malaya a Dorika

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno ali pa Machitidwe a Atumwi 9:36-42. Ndi ndime yaifupi, madzi a tiyi asanawire mukhala mutaimaliza.

Mayi anga atatisiya, pa maliro penipeni sindinalire kwenikweni. Mwana wamkazi woyamba sapeza mpata. Uyu akufunsa ngati ufa wakwana, uyo akuti nkhuni zatha, adzukulu kumanda akudikira chakudya. Misozi inadikira tsiku logawa katundu. Amalume anakhala pampando pakhonde, ife pamkeka, katundu ataunjikidwa pakati. Makina osokera anapita kwa azakhali, matilesi kwa mng'ono wanga, zitenje tinagawana. Pomaliza panatsala zimene palibe anazifuna: mbale zobooka, lichero long'ambika, ndi mthiko.

Mthikowo unali wakale, wakuda kunsonga, wodyeka mbali imodzi chifukwa mayi ankathyakula nsima ndi dzanja lamanzere. Ndinautola kuti ndikauponye pa nkhuni. Chala changa chachikulu chinangokalowa pamalo posalala pamene chala chawo chinakhala zaka zonsezo. Ndinalira mokweza mpaka amalume anasiya zimene ankanena, ana nkuthawira kuseri kwa nyumba. Chinthu choti ngakhale pamsika palibe angachifunse mtengo.

Olemba mabuku a nthano amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Wolemba waluso akafuna kuti imfa ikufike pamtima, amakuonetsa mayi wamasiye akupisa m'thumba la jekete ya mwamuna wake nkupezamo chisa cha tsitsi ndi kandalama kachitsulo. Kapena nsapato za sukulu zili pansi pa bedi, zopolishidwa bwino, mwini wake kulibe. Umatseka bukulo kaye nkuyang'ana kudenga.

Luka, mlembi wa Machitidwe a Atumwi, nayenso analemba chomwecho. Ku Yopa, mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene lero ndi Jaffa, kunali wophunzira dzina lake Tabita, m'Chigiriki Dorika. Anadwala, namwalira. Anamusambitsa, namugoneka m'chipinda chapamwamba, ndipo anatuma amuna awiri ku Lida kukaitana Petro, chifukwa kunali pafupi. Petro atafika, amasiye onse anamuzungulira akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka akadali nawo.

Taimani pamenepo pang'ono. Palibe amene anaima kuwerenga mbiri ya malemu, monga timachitira ife, kuyambira chaka chobadwa mpaka maudindo a mumpingo. Anangotambasula nsalu. Ine ndimaona ngati zina anali atavala m'thupi, wina akukoka mkono wa malaya ake, wina akuloza msoko wa pakhosi. Taonani bambo, ichi anandisokera mwamuna wanga atamwalira. Ichi anandipatsa nyengo yozizira. M'Baibulo monse mulibe mawu ngakhale amodzi otuluka pakamwa pa Dorika, komabe mpaka lero ku mpingo wa Seventh-day Adventist kuli Amayi a Dorika, otchedwa dzina la mayi amene timangomudziwa ndi singano yake.

Chimene chimandikhudza n'chakuti Petro sanawakalipire. Alipo abale ena, achikondi ndithu, amene akakuona wasunga chipewa cha bambo ako amafulumira kunena kuti, "Zinthu za pansi pano izi, musamazikakamire." Ena amafika pokuopseza kuti ukuitana mizimu. Ine anandiuzapo kuti mthiko uja ndikautenthe kuti ndimasuke. Sindinautenthe. Yesu yemwe analira pa manda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa posachedwa, ndiye angadabwe ndi mwana wolirira mthiko wa mayi ake?

Koma ndinene ichi, ngakhale sichikoma m'mawa. Amasiye a ku Yopa ankaonetsa zimene anapatsidwa. Amasiye ambiri kwathu kuno amaloza malo pamene panali zimene analandidwa. Bokosi lisanatsike, achibale a mwamuna ali kale pa makiyi, wina wakwera njinga, wina akuwerenga malata padenga. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, koma olandawo ena Lamulungu lotsatira amakhala kutsogolo m'tchalitchi akuimba. Ndipo chimene chimapweteka mayi uja nthawi zina sichikhala njingayo. Ndi wailesi yaing'ono imene ankamvera limodzi nkhani za m'mawa, imene wolandayo aitaya ikangotha mabatire. Ngati muli ndi mawu pa banja panu tsiku logawa, m'funseni wamasiyeyo chimene akufuna kusunga. Mwina mudzadabwa kuchepa kwake.

Petro anatulutsa onse, nagwada, napemphera, nati, "Tabita, uka." Mayiyo anatsegula maso, nakhala tsonga. Petro anamugwira dzanja, naitana okhulupirira ndi amasiye aja, namupereka kwa iwo ali wamoyo.

Apa ndiyenera kunena zoona. Nthawi yaitali ndime imeneyi inkandipsetsa mtima. Ifenso tinapemphera, abusa anabwera kuchipatala, amayi a Mvano anaimba mpaka mawu kusasa, koma mayi anga sanakhale tsonga. Amasiye a ku Yopa anabwezeredwa munthu wawo, ine ndinatsala ndi kamtengo.

Chinandithandiza n'kukumbukira kuti aka sikanali koyamba Petro kuima pamaso pa nsalu za munthu womwalira. Pa Yohane 20:6-7, m'mawa wa tsiku loyamba la sabata, analowa m'manda a Yesu napeza nsalu zabafuta zili pansi, ndipo kansalu kamene kanali kumutu kali kokulungidwa pa malo a pokha. Munalibe china. Nsalu zokha, mwini wake wadzuka, wapita. Ndiye pamene amasiye ankamutambasulira malaya ku Yopa, Petro anali ataonapo kale kuti katundu wosiyidwa sanena kuti nkhani yatha. Dorika yemweyo tsiku lina anamwaliranso, malaya ake anatha, anang'ambika ngati nsalu ina iliyonse. Amene sanabwererenso m'nsalu zake ndi Yesu yekha, ndipo ndi kwa Iye kumene mayi anga anapita.

Tiyeni tipemphere. Atate, m'mawa uno alipo amene atsegula wadirobu nkupeza fungo la munthu amene kulibe. Alipo amene nambala ya malemu ikadali m'foni, akulephera kuifufuta. Alipo amene analandidwa ngakhale kapu yomwera madzi. Khalani nawo pafupi, musawafulumizitse, ndipo tipatseni ife manja a Dorika kwa wamasiye amene tayandikana naye. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Mthiko uja uli m'khitchini mwanga, ndipo ndimaphikira. Ine ndine wa dzanja lamanja, ndiye wayamba kudyekanso mbali inayo. Mwana wanga wamkazi dzulo anandifunsa chifukwa chake sindigula watsopano. Ndamulonjeza kuti ndimufotokozera lero akaweruka kusukulu.