Makalata a omvera: Kodi ku SADC amapita atavala malaya a chipani?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina amene amagulitsa mbatata pamalire a Mwami. Akuti: "Takangana ndi anzanga kuno. Apulezidenti athu akapita kumsonkhano wa SADC, chipani amachisiya pakhomo kapena amalowa nacho?"

Bambo, papepala amachisiya. M'bungwe la SADC, la maiko a kummwera kwa Africa, muli maiko 16, ndipo aliyense amakhala pampando wa dziko lake. Koma malaya akale savulika msanga. ANC ya ku South Africa, ZANU-PF ya ku Zimbabwe, FRELIMO ya anzathu a ku Mozambique, SWAPO ya ku Namibia, MPLA ya ku Angola ndi CCM ya ku Tanzania ndi zipani zomenyera ufulu, ndipo zimachita misonkhano yawoyawo. Ambiri a iwo anadyera nsima yathu. Likulu la ANC linali ku Lusaka m'masiku a Kaunda, ndipo SADCC, mayi wake wa SADC, inabadwira ku Lusaka komweko mu 1980. Koma UNIP inachoka m'boma mu 1991, ndipo zipani zimene zatilamulira kuyambira pamenepo si za m'gulu lija.

Mukufuna umboni? Kumbukirani 2023. A Hichilema a UPND, amene panthawiyo ankatsogolera nthambi ya SADC yoona za ndale ndi chitetezo, anatuma a Nevers Mumba kukatsogolera oyang'anira masankho a ku Zimbabwe. Lipoti lawo linanena kuti masankhowo sanakwanire pa mfundo zina. Akuluakulu a ZANU-PF anapsa mtima, natukwana a Mumba poyera ngati mlendo wosadziwa mwambo wa pamudzi. Ine ndinaona chipani pamenepo, bambo, chovala malaya ake onse. Auzeni anzanuwo kuti wapambana ndi amene amati chipani amalowa nacho.

Gululo likuchepa mphamvu pang'onopang'ono. Mu 2024 ANC inalephera kupeza theka la mavoti, ndipo ku Botswana a Duma Boko anagwetsa BDP imene inalamulira kuyambira 1966.

Kalata ina ndi ya mayi mphunzitsi wa ku Petauke. Akufunsa ngati ku Ulaya nakonso zili choncho.

Mayi, kumeneko sabisa n'komwe. European Union ili ndi maiko 27, ndipo zipani zofanana maganizo zili m'mabanja odziwika. A Friedrich Merz a CDU ya ku Germany ali m'banja la EPP, a Pedro Sánchez a ku Spain ali ndi asosholisiti, a Giorgia Meloni a ku Italy ali ndi ECR. Msonkhano waukulu ukayandikira ku Brussels, atsogoleri a banja limodzi amayamba akumana paokha n'kugwirizana zokanena. Tikabwerera kuno ku SADC, ana a sukulu akakufunsani za Eswatini, auzeni kuti Mfumu Mswati III alibe chipani, ndipo pamasankho a kumeneko munthu saimira chipani.

Tiyeni timve kanyimbo pang'ono, tikabwera tiwerenga kalata ya ku Lundazi yokhudza feteleza.